Zimene nkhondo ya ku Burma inasiya m'nyumba ya agogo anga ku Ntcheu

M'midzi yambiri ya ku Ntcheu ndi ku Dedza, anthu akamakumbukira gogo wamwamuna amene anali msilikali wa Keyala, mawu amene amatuluka amakhala ofanana ngakhale mabanjawo sadziwana. Amati anali munthu waukhondo, wosunga nthawi, wosafuna kubwereza mawu, wolanga ana mosanyengerera, ndiponso wosakonda kukamba za kumene anapita. Kawirikawiri nkhaniyo imatsekedwa ndi mawu akuti "ndi mmene analili," ngati kuti munthuyo anabadwa choncho. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, amene anakhala moyo wawo wonse kufupi ndi Lizulu kupatula zaka zisanu za kunkhondo, ankafotokozedwa ndi mawu omwewa. Ine sindikhutira nawo mawuwa, chifukwa amuna a m'midzi yotalikirana, a mafuko osiyana ndi mipingo yosiyana, sangabadwe ndi mtima umodzi. Chinawafananitsa ndi chimene anadutsamo, ndipo amene akufuna kumvetsa chifukwa chake nyumba zawo zinkayenda mmene zinkayendera ayenera kuyamba wadziwa chimene Keyala inali.

Dzina lakuti Keyala ndi katchulidwe kathu ka zilembo zoyamba za King's African Rifles, gulu la asilikali achikuda limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902 m'maiko amene ankalamulira kum'mawa ndi pakati pa Africa. Magulu awiri oyamba anali a ku Nyasaland ndipo likulu lawo linali ku Zomba. Akuluakulu olamula anali azungu, pamene munthu wakuda, ngakhale atakhala wolimba mtima chotani, kawirikawiri ankathera pa maudindo a usajeni. Chilankhulo cha m'magulu a kuno chinali Chinyanja, pamene a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika ankalamulidwa m'Chiswahili. Poyamba atsamunda ankakonda kulemba Ayao ndi Atonga, ndipo Angoni analowa mochuluka pambuyo pake. Kwa anthu a ku Ntcheu nkhaniyi inali ndi chilonda chake, pakuti mu 1896 asilikali a boma lomweli ndi amene anagonjetsa Angoni a kwa Maseko ndi kupha Inkosi Gomani yoyamba. Kuchokera pamenepo chishango ndi mkondo zinatsala za m'bwalo la ngoma, ndipo mnyamata amene anakula akumva kuti mwamuna amadziwika ndi nkhondo anapeza kuti khomo lokhalo lotsala linali la amene anagonjetsa makolo ake.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, inafika m'dziko muno msanga. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo ndi Ajeremani mu Sepitembala 1914, ndipo miyezi iwiri itadutsa John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene siinali yawo. Amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland anagwira mfuti, koma amene anavutika koposa anali amtengatenga, pafupifupi 200,000, amene ankasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu kudutsa m'mapiri a Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri anagwidwa mokakamiza, ena usiku ali m'tulo, ndipo anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo kuposa amene anafa ndi mfuti. Otsala anabwerera mu 1918 pamodzi ndi mliri wa chimfine umene unapululutsa anthu m'midzi. Mu 2021 bungwe loyang'anira manda a asilikali a m'maiko a Commonwealth linavomereza ndi kupepesa kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondoyo, ambiri a iwo Aafirika, sanalembedwe maina pa chikumbutso chilichonse. Choncho pamene mesenjala wa boma anafikanso m'midzi nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939, amayi a ku Ntcheu ankadziwa bwino tanthauzo la kuitanako.

Agogo anapita mu 1941, atangokwatira kumene. Funso lakuti anapita mwa kufuna kwawo kapena mokakamizidwa lilibe yankho limodzi, ndipo ndi mmene zinalili kwa ambiri mwa amuna pafupifupi 30,000 a ku Nyasaland amene analowa usilikali pa nkhondoyo. Mafumu ankauzidwa kuti apereke anyamata, ndipo mfumu imene yalephera inkaoneka yosamvera boma. Komanso msonkho unkafunika chaka ndi chaka, ndalama m'mudzi munalibe, ndipo mnyamata amene sanapite ku Keyala ankayenera kupita ku Halale kapena ku migodi ya ku Joni. Usilikali unkalonjeza malipiro a mwezi ndi mwezi, zovala, nyama ndi ulemu. Munthu amatha kusankha ndithu pakati pa njira zitatu zowawa, koma kusankha koteroko sikufanana ndi ufulu.

Chimene chinayamba kusintha agogo si chipolopolo koma bwalo la perete ku Zomba. Mnyamata amene ankadziwa nthawi poyang'ana dzuwa ndi kulira kwa tambala anayamba kudzutsidwa ndi lipenga, kumetedwa mpala, kupatsidwa nambala imene ankayenera kuiloweza kuposa mfunda wake, ndi kuphunzitsidwa kuti bulangete lopindidwa mokhota ndi mlandu. Cholinga cha maphunziro oterewa n'chakuti thupi lizimvera lamulo mutu usanaganize, pakuti kunkhondo woyamba kufunsa mafunso amaphetsa anzake. Chilango chinali chowawa. Asilikali achingerezi analeka kukwapulidwa kalekale m'zaka za m'ma 1880, koma m'magulu a anthu akuda chikoti chinapitirira mpaka nkhondo yachiwiri itatha, ndipo munthu ankakwapulidwa anzake ataima pamzere akuonerera. Pamalo omwewo agogo anaphunzira kuwerenga ndi kulemba bwino kuposa mmene anaphunzirira pa sukulu ya mishoni, anaphunzira kumanga bala, kuwiritsa madzi akumwa ndi kukumba chimbudzi kutali ndi pophikira. Zabwino ndi zoipa zinalowa m'thupi limodzi pa nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake pambuyo pake zinali zovuta kuzilekanitsa.

Asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo m'malo ambiri. Anakumana ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndi ku Tug Argan ku Somaliland mu 1940, anafika ku Ethiopia kumene nkhondo inathera ku Gondar mu Novembala 1941, ndipo ena anawoloka nyanja kupita ku Madagascar mu 1942. Agogo anadzera ku Kenya, anakwera sitima yapamadzi ku Mombasa mu 1943 kupita ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, kukaphunzira kumenya nkhondo ya m'nkhalango, ndipo mu 1944 analowa m'dziko la Burma, limene lero ndi Myanmar, kukakumana ndi Ajapani.

Pa Burma ndi pofunika kuimapo, chifukwa m'pamene panachokera zambiri zimene banja lathu linadzaziona. Gulu lalikulu la asilikali ochokera kum'mawa ndi pakati pa Africa, pansi pa ulamuliro wa mkulu wa asilikali wachingerezi William Slim, linatumidwa kutsika chigwa cha Kabaw kuyambira mu Ogasiti 1944, pakati penipeni pa nyengo ya mvula, nthawi imene kale magulu ankhondo ankapuma chifukwa cha matope. Chigwacho chinali chotchuka ndi malungo ndi matenda ena a nsabwe za m'tchire, ndipo akuluakulu ena achizungu ankakhulupirira molakwika kuti munthu wakuda sagwidwa msanga ndi matenda oterewa. Mvula ya kumeneko siili ngati ya ku Tsangano imene imagwa n'kukata. Imagwa masiku otsatizana, misewu imasanduka phala, magalimoto amatitimira, chakudya chimaponyedwa kuchokera m'ndege, ndipo misundu imalowa m'jombo ndi m'zovala. M'njira monse asilikali ankapeza mitembo ya Ajapani amene anafa ndi njala ndi matenda pothawa kuchokera ku Imphal, m'dziko la India. Amene anali amoyo ankabisala m'maenje okutidwa ndi mitengo pamwamba pa zitunda, osaoneka mpaka munthu atafika pafupi kwambiri, ndipo usiku ankazembera misasa mwakachetechete. Msilikali ankagona atavala jombo, khutu lili tcheru ku phokoso lililonse la nsungwi. Pofika mu Disembala 1944 anali atafika pa mtsinje wa Chindwin ku Kalewa. Inali miyezi inayi yokha, koma munthu amene wakhala miyezi inayi akudziwa kuti kugona tulo tofa nato ndi imfa sabwereranso msanga ku tulo ta masiku onse.

Nthawi yonseyi kumudzi nako kunali nkhondo yake, imene siilembedwa kawirikawiri. Agogo aakazi anatsala ndi pakati, ndipo mwana woyamba anabadwa, kuyamba kuyenda ndi kulankhula asanaone bambo ake. Munda unalimidwa ndi iwo pamodzi ndi alongo awo. Kalata ikafika ankapita nayo kwa mphunzitsi kuti awawerengere, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti panalibe mawu achinsinsi amene mwamuna ndi mkazi wake akanauzana kwa zaka zisanu. Pamwamba pa izi panali mwambo wa mdulo. Anthu ankakhulupirira kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina pamene mwini wake ali paulendo woopsa, amamudula, ndipo tsoka limamugwera kumene aliko. Motero mkazi wa msilikali ankayang'aniridwa ndi mudzi wonse, ndipo uthenga wa imfa ukanafika, ena akanaloza chala iye osati Ajapani. Agogo aakazi ankanena ali okalamba kuti ankaopa mesenjala wovala kabudula wa khaki kuposa fisi. Komabe zaka zimenezi zinawaphunzitsa kuyendetsa nyumba okha, kusunga ndalama ndi kugamula nkhani za ana popanda kufunsa munthu, ndipo luso limeneli sanalitaye mwamuna wawo atabwera.

Japan inagonja mu Ogasiti 1945, ndipo agogo anafika kumudzi mu 1946 ali ndi jombo, chijasi, bulangete, mamendulo ndi ndalama zochepa za kuthokoza. Ndalamazi zinkawerengedwa motsata khungu: msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni 3 ndi theka. Ena anagula njinga kapena makina osokera, ena anatsegula kagolosale, ndipo ambiri ndalamazo zinawathera chaka chisanathe. Ntchito zimene ankayembekezera sizinapezeke kupatula za ulonda, umesenjala, upolisi ndi ukapitawo wa pamsewu, kumene agogo anadzagwira zaka zambiri.

Vuto loyamba limene anakumana nalo silinali la ndalama koma la malo awo m'banja. Ngakhale kuti ufumu wa Angoni umatsata kuchimuna, m'midzi yambiri ya ku Ntcheu anthu amatsata chikamwini monga Achewa, ndipo agogo anali mkamwini. Munthu amene anali kopolo, wolamula amuna khumi pakati pa zipolopolo, anabwerera pamudzi pamene munda unali wa apongozi ake, nkhani za ana ake zinkagamulidwa ndi mwinimbumba, ndipo iye ankayenera kukhala chete pabwalo mpaka atafunsidwa. Alamu awo, amene anasamalira nyumbayo zaka zisanu, sanaone chifukwa chosiyira udindo. Mikangano inabuka pa zinthu zazing'ono monga pomanga khola ndi nthawi yodyera, ndipo ankhoswe ankaitanidwa pafupipafupi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo anagamula kuti agogo amange nyumba yawo kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi dimba, kuti akhale ndi bwalo lawolawo popanda kutenga mkazi chitengwa. M'mabanja ena zinthu sizinathe bwino chotero: ukwati unatha, kapena mwamuna ananyamuka ulendo wa ku Halale n'kukhala mtchona.

Vuto lachiwiri linali lakuya, ndipo makolo athu anali nalo dzina. Ankati munthu amene wakhetsa mwazi wa munthu mnzake, ngakhale kunkhondo, amagwidwa ndi chirope ngati sasamba mankhwala: maso amafiira, mtima umapsa msanga, tulo timasowa, ndipo amatha kuvulaza ngakhale a m'nyumba mwake. N'chifukwa chake kale wankhondo wobwera kuchokera kokapha sankangolowa m'nyumba ngati wochokera kumunda, koma ankayamba wasambitsidwa ndi kudyetsedwa mankhwala, anthu onse akudziwa chimene wachita ndi chimene akuchotsedwa. Kaya munthu amakhulupirira mphamvu ya mitsitsi kapena ayi, ayenera kuvomereza kuti mwambowu unali ndi nzeru, chifukwa unkavomereza poyera kuti kupha kumasintha munthu ndipo kuti kubwerera pakati pa anthu ndi ntchito ya mudzi wonse. Madokotala a matenda a maganizo anadzapatsa vuto lofanana ndi limeneli dzina lakuti PTSD mu 1980, ataona zimene zinkachitikira asilikali a ku America obwera ku Vietnam. Asilikali a Keyala anagwera pakati. Boma linawapima thupi lokha, n'kuwapatsa chikalata chowatulutsa usilikali. Mipingo inkaletsa mankhwala achikuda ndipo wosamba mitsitsi ankatha kudulidwa. Agogo anali mkhristu wolimba, ndipo alamu awo atabwera ndi mankhwala sabata yoyamba, iwo anakana pamaso pa anthu.

Zotsatira zake zinkaoneka mvula yoyamba ikayandikira. Mabingu akayamba kugunda kumapiri a m'malire ndi Mozambique, agogo ankasiya kugona. Ankatuluka pakati pa usiku n'kuzungulira nyumba, kapena kukhala pakhonde atavala jombo mpaka mbandakucha, ndipo nthawi zina ankadzuka akufuula m'chilankhulo chimene ana sankachimva. Munthu sankayenera kuwadzutsa powagwira, koma kuima pakhomo n'kuwaitana ndi mfunda wawo. Mpunga sankadya ngakhale paukwati. Miyezi ina yonse sankamwa mowa, koma mu Novembala ndi Disembala ankapezeka kokachasu, ndipo akabwerako mawu awo ankasintha. Agogo aakazi anaphunzira kuwerenga nyengo ya mwamuna wawo monga mlimi amawerengera mitambo, ndipo masiku oterewa ankatumiza ana kukagona kwa mayi awo ponena kuti gogo akufuna omuthandiza. Mayi anga anadzazindikira ali aakulu kuti gogoyo sankafuna thandizo lililonse.

Si chilungamo kunena za usiku wokha. Nyumba ya kumapeto kwa mudzi ija inali yoyamba kukhala ndi chimbudzi chovindikira ndi thandala la mbale, ndipo ana ake sankadwala m'mimba kawirikawiri ngati anzawo. Chimanga chinkatuluka m'nkhokwe ndi muyeso, monga chakudya cha kumsasa, ndipo pa njala ya 1949 muyeso umenewu, umene anthu ankauseka kuti ndi umbombo, unadyetsa nyumbayo ndi ana a alamu awo omwe aja. Chachikulu koposa n'chakuti anatumiza ana aakazi kusukulu pa nthawi imene ambiri ankati mtsikana akatha msinkhu basi akwatiwe. Ankanena kuti ku Ceylon ndi ku India anaona akazi akuda khungu ngati ife akugwira ntchito m'zipatala ndi m'maofesi, ndipo sankaona chimene mwana wawo angalepherere. Mayi anga anakhala mphunzitsi chifukwa cha zimene bambo awo anaona ali pa bedi la chipatala cha asilikali.

Koma ana omwewo anakula akuima njo bambo awo akamalankhula. M'mawa uliwonse ankaonetsa zikhadabo ndi mano, ndipo wochedwa kuchokera kumadzi kapena kubusa ankakwapulidwa mowerenga, mopanda kukalipa, monga mmene ankachitira ku Zomba. Kukwapula ana kunalipo m'nyumba zambiri masiku amenewo, koma kumeneku kunali kozizira ndi kwa dongosolo, ndipo n'kumene ana ankakuopa kwambiri. Amalume anga aakulu, amene anabadwa bambo awo ali kunkhondo, sanagwirizane nawo mpaka kalekale. Anali atazolowera kuona amalume awo ngati bambo, ndipo mlendo wa jombo amene anafika ali ndi zaka zinayi sanapeze njira ina yowayandikira koma malamulo. Atangokula anapita ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo anakhala zaka zambiri osalemba kalata. Mwa ana otsalawo, ena analera ana awo ndi ndodo yomweyo, ena analumbira kuti sadzakwezera mwana dzanja, koma onse amafika pamaliro ndi pa tchalitchi nthawi isanakwane, ndipo onse amavutika kunena mawu achikondi pakamwa. Ngakhale ife adzukulu, amene Burma timangomuona pa mapu, tinatengako zina.

Pa ndale, anthu amakonda kunena kuti asilikali obwera kunkhondo ndi amene anayambitsa moto wa ufulu. Zoona zake n'zosakanikirana. N'zoona kuti munthu amene anaona mzungu akulira, akunjenjemera ndi malungo ndi kufa ngati wina aliyense sankamuopanso bwanamkubwa monga kale. Pamene Inkosi Gomani yachiwiri inakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, mpaka boma kuichotsa pampando, agogo anali kumbali ya Inkosi ndi mtima wonse. Komabe asilikali akale ena anali amesenjala ndi apolisi a boma lomwelo, ndipo agogo eniake, ngakhale ankadana ndi chitaganya, sankalola kuti munthu anyoze Keyala pamaso pawo. Anadziwa kuti anawadyera masuku pamutu, koma zaka zimenezo n'zimenenso anakhala munthu wodalirika pakati pa anzawo, ndipo sakanatha kuzitaya popanda kudzitaya okha.

Chaka chilichonse mu Novembala dziko limakumbukira asilikali a nkhondo ziwirizi pa nsanja ya ku Zomba ndi ya ku Lilongwe, ndipo atsogoleri amaika nkhata za maluwa. Agogo sanapiteko ngakhale kamodzi, koma tsikulo ankapukuta mamendulo awo n'kuwabwezera m'bokosi lachitsulo limene linkakhala pansi pa bedi. Ndili mnyamata ndinawafunsa tsiku lina tikupalira mbatata ya kachewere kuti, "Agogo, kodi kunkhondo kuja munaphako munthu?" Anaimika khasu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mdzukulu wanga, mzere wako wakhota," ndipo tinapitiriza kupalira.

Atamwalira, bokosi lija linatsegulidwa pamaso pa ana onse, kuphatikizapo amalume aakulu amene anali atabwerera kumudzi tsitsi litachita imvi. Munali chikalata chowatulutsa usilikali, mendulo yooneka ngati nyenyezi ya amene anamenya nkhondo ku Burma, makalata a agogo aakazi olembedwa ndi dzanja la mphunzitsi uja, ndi kamtolo ka mitsitsi youma komangidwa ndi luzi m'kansalu ka khaki. Palibe mwa ana amene anakazindikira. Agogo aakazi anakatenga, n'kukatembenuza m'manja, ndipo ananena kuti ndi mankhwala amene alongo awo anabwera nawo mu 1946, amene mwamuna wawo anawakana pabwalo. Iwo ankaganiza kuti anatayidwa tsiku lomwelo. Mfundo ya luzi inali isanamasulidwepo.